Foma Walowa Msanga

Lolemba, 15 Okutobala 1979

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi la pazenera, ndipo zeneralo analimata kale mapepala kuopa chisanu, ndiye mpweya womwe ndaupeza muno ndi womwewu mpaka chaka chamawa. Dokotala wanga ndi mayi wamfupi, a Asya Markovna, amayenda ngati wina akuwathamangitsa. Akuti ndi zilonda zam'mimba. Atenga magazi ndi mkodzo, andikweza pasikelo: makilo 68. Chilimwe chathachi ndinali 79. Fodya andiletsa, mchere andiletsa, buledi wakuda andiletsa.

Ine Rodion Savelyevich Kuzovlev, amene ndakhala ndikulamula anthu pasiteji moyo wanga wonse, lero ndalamulidwa kuvala mapijama a munthu wina wamtali kuposa ine.

Zilondazo si nkhani. Nkhani ndi yoti sewero langa latsopano, "Ng'anjo", likuyenera kutsegulidwa pa 14 Disembala, ndipo ndalisiya m'manja mwa wachiwiri wanga, Kesha Dorofeev. Kesha wandiperekeza mpaka pakhomo la wodi, n'kundiuza kuti ndisade nkhawa. Ine ndinali ndisananene kuti ndili ndi nkhawa.

Taisiya, mkazi wanga, wandisiyira kope ili, tambula yanga ya tiyi ndi kasupuni kanga. Akuti ndizilemba m'malo mokalipira anamwino.

Lachitatu, 17 Okutobala

Andimwetsa phala loyera ngati choko n'kundijambula m'mimba. Mawa ndimeza paipi.

Pabedi loyandikana nane pali a Trofimych, mkulu wopuma ntchito, ankayendetsa sitima zonyamula mchenga pa mtsinje wa Volga. Nawonso akuti zilonda zam'mimba. Mafunso awo sakutha.

"Ndiye inuyo ntchito yanu kwenikweni ndi yotani? Mumavina?"

"Ndimauza ovinawo poima."

"Basi? Imeneyo nayo ndi ntchito? Nanga seweroli likunena chiyani?"

Ndinawauza. Msilikali wabwera kuchokera kunkhondo, wapeza nyumba yake inapsa, yatsala ng'anjo yokha, mkazi wake anakwatiwa ndi mng'ono wake. Pamapeto akukhala pansi pafupi ndi ng'anjoyo, osalankhula kanthu mpaka katani litatsekedwa. Akuluakulu a komiti yoona zachikhalidwe sakufuna zimenezo. Akuti msilikali wathu sakhala chete, aimirire anene kuti timanga zatsopano. Anafika mpaka pondilembera mawu oti anene.

"Bwanji osangowapatsa zofuna zawozo?" anatero a Trofimych.

Pamenepo ndinalongolola. Mu 1966 ndinapanga filimu yanga yachiwiri, "Madzi Osefukira". Akuluakulu anayamba kundidera nkhawa kuti ndatopa, ananditumiza ku Crimea, m'mbali mwa nyanja, kuti ndikapume mwezi umodzi. Pobwera ndinapeza mathero aduladula, aikamo nyimbo ndi dzuwa likutuluka. Nditakana kuti dzina langa likhalepo, filimuyo anaiika pashelefu, ndipo ili pomwepo mpaka lero. Kuyambira pamenepo ndimadziwa mmene amayambira anthu amenewa. Amayamba ndi kusamala za thanzi lako.

Nditamaliza ndinadzimvera chisoni. Ndani anasankha kuti mkulu wamafunsoyu agone pafupi ndi ine? Mabedi opanda anthu alipo kukhomo uko. Kapena ndi kazitape?

Lachinayi, 18 Okutobala

Paipi ndameza. Sindikufuna kulemba za paipiyo.

Lamlungu, 21 Okutobala

Tsiku la alendo. Woyamba kufika, nthawi isanakwane n'komwe, ndi Foma Gudkov. Namwino anamubweza kawiri. Ine ndi Foma tinaphunzira limodzi zisudzo tili anyamata, ndipo zaka zonsezi vuto lake ndi limodzi: amalowa msanga. Mnzake asanamalize mawu, Foma wabwera kale pasiteji ndi chipewa m'manja. Mu "Ng'anjo" ndinamupatsa gawo la mnansi wokalamba, chifukwa mnansiyo nayenso amalowa m'nyumba za eni osagogoda.

Wabweretsa maapozi ndi nkhani ya maliro. A Varvara Nilovna, amene ankasewera amayi ndi agogo kwathu kuyambira ndisanabwere, anawaika Lachisanu.

"Tinawatulutsira khomo lakutsogolo, Rodya. Anthu anadzaza masitepe mpaka mumsewu. Tinaomba m'manja mpaka bokosi litalowa m'galimoto. Zikhatho zikuwawabe."

A Trofimych anadzuka ndi chigongono. "Mwati bwanji? Kuomba m'manja pamaliro? Munkadana nawo?"

"Ndi mwambo wathu, madala," anatero Foma. "Ife azisudzo tili moyo timalowa ndi kutulukira khomo lakumbuyo ngati ogulitsa makala. Lakutsogolo ndi la oonera. Koma tsiku limodzi lokha amakunyamula n'kukutulutsira kutsogolo, anzako onse ataima pamasitepe akukuombera m'manja komaliza."

"Ndiye mwini wakeyo amamva?"

"Apo ndiye pali vuto," anatero Foma, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Nditamufunsa za sewero anati zikuyenda. Nditamufunsa ngati a komiti abwera anati sakudziwa, iye amangolowa ndi kutuluka.

Lachiwiri, 23 Okutobala

Makilo 67. Maso anga ayamba chikasu. A Asya Markovna akuti ndulu yatsekeka pang'ono chifukwa cha zilondazo, ndipo kufunika opaleshoni. Ndinafunsa kuti pambuyo pake ndigona masiku angati. Akuti tiona. Ndinati 14 Disembala ndili ndi ntchito. Akuti akudziwa. Akudziwa bwanji? Ine sindinawauze tsiku.

Lachinayi, 25 Okutobala

Lero ndaonera zisudzo zoipa kwambiri pamoyo wanga, ndipo zandipweteka mtima.

Mkazi wa a Trofimych, a Nyura, anaitanidwa ku ofesi ya dokotala. Muno aliyense amadziwa tanthauzo lake. Wodwala sauzidwa matenda aakulu, amauza mkazi wake, mkaziyo n'kubwerera kuwodi atadzola paudala watsopano pamphuno. A Nyura anabwerera, n'kuima njo kumiyendo kwa bedi, manja ali lende, n'kuwayang'ana amuna awo m'maso osaphethira.

"Yegor! Adokotala akuti uli bwino kwambiri! Zilonda basi! Chaka chamawa tikabzala nkhaka!"

Wodi yonse inamva. Ndikadakhala kuntchito ndikadagogoda kasupuni.

Kasupuni kameneka akudziwa onse amene anagwirapo ntchito ndi ine. Poyeserera sewero ndimakhala pampando wa m'mbali ndi tambula ya tiyi, ndipo ndikamva bodza m'mawu a munthu sindikuwa ayi, ndimangogogoda tambulayo kamodzi. Ena analirapo chifukwa cha kasupuni kameneka. Ndipo phunziro langa loyamba kwa aliyense wobwera kumene ndi ili: ngati munthu amene ukumusewerayo akunama, usamayang'ane mnzako m'maso, upatse manja ako ntchito. Senda apozi, pinda nsalu, soka batani. Maso azikhala pantchitoyo, mawu azituluka okha ngati zopanda pake. Bodza lotero ngakhale mayi ako amalimeza.

A Nyura palibe anawaphunzitsa zimenezi. Koma a Trofimych akhulupirira, ndawaona akumwa chambiko chawo mosangalala. Ngati ali kazitape, ndiye ndi kazitape amene ali ndi khansa osadziwa.

Lamlungu, 28 Okutobala

Taisiya wabwera ndi msuzi wa nkhuku m'botolo lokulunga mu sikafu. Nayenso anadutsa kwa dokotala, akuti kukasaina za opaleshoni. Atabwerera anayamba kukonza m'kabati yanga. Anatulutsa thaulo, n'kulipinda, n'kulifunyulula, n'kulipindanso.

"Akuti ndi opaleshoni yaing'ono, Rodya. Amapanga tsiku ndi tsiku. Masokosi aubweya aja ndikubweretsere?"

Taisiya anasewera kwa ine zaka khumi asanasiye siteji, ndipo anali wabwino kuposa onse. Thaulo limenelo ndalizindikira. Ndi langa lomwe, ndinamuphunzitsa ndine.

Ndiye pali chimene akundibisira, ndipo ndikuchidziwa. Kesha wagonja. A komiti afika, amulonjeza mpando wanga, mawu aja awapereka kale kwa msilikali wanga, ndipo auza dokotala kuti andisunge muno mpaka sewero litatsegulidwa. Crimea yachiwiri, koma yopanda nyanja. Chondiwawa n'chakuti ndi Taisiya yemwe amulowetsamo.

Lachitatu, 31 Okutobala

Mawa opaleshoni. Andimeta pamimba, chakudya andiletsa. A Trofimych andibwereka kamtanda kawo kamkuwa, akuti ndiike pansi pa pilo, namwino asaone. Ndalandira. Mantha alipo, osati pang'ono.

Loweruka, 3 Novembala

Ndili moyo. Diripi. Ludzu.

Lolemba, 5 Novembala

Kutentha thupi 38. Kapaipi kakutuluka m'nthiti kupita m'botolo pansi pa bedi. A Asya Markovna akuti zonse zinayenda bwino, anachotsa choipa. Ankanena uku akupukuta magalasi awo.

A Trofimych akuti, "Inu ndiye mwamwayi. Anzanu amapita m'mawa kubwera madzulo. Inu supu wamasana asanafike munali mutabwera kale."

Zoonadi. Nanga akadachedwa ndi chiyani, pomwe panalibe chodula? Anangonditsegula kuti apeze chifukwa chondigonekera.

Lachitatu, 7 Novembala

Tchuthi cha boma. Kunja magulu a malipenga akudutsa, chipale chofewa chikugwa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri palibe wandikakamiza kunyamula mbendera. Atipatsa nachesi aliyense. Ndayenda mpaka pakhomo n'kubwerera, nditagwira botolo langa ngati mwana wobatizidwa.

Lamlungu, 11 Novembala

Alendo atatu, wina pambuyo pa mnzake, ngati anagawana nthawi.

Woyamba Foma, msanga monga mwa masiku onse. Anakhala pansi, n'kuvula wotchi, n'kuyamba kuipukusa. "Nkhope yabwerera, Rodya. Ukuoneka ngati wachokera kutchuthi."

Wachiwiri Rimma Pavlovna, amene akusewera mkazi wa msilikali. Mayi amene moyo wake wonse sanagwirepo singano, lero wabwera ndi zoluka. Maso pa ulusi. "Nkhope yabwereratu, a Rodion Savelyevich. Mukuoneka ngati mwachokera kutchuthi."

Wachitatu Kesha mwini wake, ndi thumba la manachesi. Anasenda limodzi bwinobwino, khungu lonse osaduka. "Nkhope yanu yabw..."

Ndinagogoda tambula.

Anauma gwa, munthu wamkulu wa zaka makumi anayi, nachesi lili m'manja.

"Mawu amenewo ndawamva kale kawiri lero," ndinatero. "Wolemba wake ndi waulesi. Ndani akutsogolera sewero limeneli, iweyo? Mumayeserera kuti, m'chipinda chovalira?"

"Palibe sewero, a Rodion Savelyevich."

"Ika nachesilo pansi. Ndiyang'ane. A komiti anabwera?"

Analiika pansi. "Anabwera Lachinayi."

"Ndiye?"

"Anaonera. Akufunabe mawu aja. Ine ndawauza kuti mathero ndi anu, sindingawakhudze."

Izi ananena akundiyang'ana, manja ali pamaondo, ndipo zinamveka zoona. Koma Kesha wakhala pafupi ndi ine zaka zambiri. Amadziwa chimene ndimayang'ana, ndiye angathenso kunama manja ali chete. Atangoyambanso kunena za nkhope yanga, dzanja linabwerera ku nachesi.

Atapita, a Trofimych anati, "Anthu akubweretserani zipatso inu mukuwaimbira belu. Kwathu munthu wotere timamuponya m'madzi."

Lachitatu, 14 Novembala

Achotsa ulusi. Makilo 63. Msana ukuwawa kuposa mimba. Ayamba kundibaya jakisoni madzulo, namwino akuti ndi wa mavitamini. Mavitamini ake ndi odabwitsa, ukangobayidwa khoma limayamba kuyenda ngati bwato. Akufuna ndizigona kuti ndisamafunse.

Lachisanu, 16 Novembala

Chodabwitsa china. Ndinapempha nsomba yamchere mongoyesa, kuti ndimve akukana. A Asya Markovna anati, "Idyani chilichonse chimene mtima ukufuna." Ndinati nanga fodya? Anati, "Mmodzi pa tsiku, pakhonde, mutavala chikhoto." Mwezi wapitawu mayi yemweyu anandilanda ndi machesi omwe.

Umu ndi mmene amachitira akakulanda chachikulu, amakupatsa tating'onoting'ono. Atandilanda filimu ija anandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri.

Fodyayo ndasuta theka, sakukoma.

Lachiwiri, 20 Novembala

A Trofimych awatulutsa. Akuti akachirire kunyumba, mpweya wakunyumba ndi mankhwala. A Nyura anabwera ndi chikhoto chawo chakale, ndipo atavala chinkaoneka ngati chapachikidwa pamsomali. Ine ndinalimba mtima n'kuwauza kuti chaka chamawa andiitane ku nkhaka. Ndinazindikira kuti ndikunena uku ndikuwamangira chingwe cha chikwama.

Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Savelyevich, ndikuuzeni mawu amodzi. Akazi anu aja ndi munthu. Musamawaimbire belu. Chimene akuuzani, ingovomerani, zimawapepukira."

"Inuyo mukudziwapo chiyani?"

"Ine? Ine ndine wa mchenga, sindidziwa kanthu." Anayang'ana kukhomo kumene a Nyura ankalimbana ndi chikwama, n'kutsitsa mawu. "Wangayu kunama satha. Koma akuyesetsa, eti?"

Mkuluyu ankadziwa zake nthawi yonseyi, n'kumamwa chambiko mosangalala pamaso pa mkazi wake, ndipo ine katswiri wa kasupuni sindinamve kanthu. Kamtanda kaja akana kulandira. Sanali kazitape, ndipo ndawasowa kale. Koma mawu aja okhudza Taisiya akutanthauza kuti anamvapo kanthu pakhonde za sewero langa.

Loweruka, 24 Novembala

Tsiku loipa. Ndasanza. Jakisoni kawiri.

Lachiwiri, 27 Novembala

Ndakangana ndi Taisiya. Anabwera ndi phala ndi jamu wa chaka chatha, n'kuyamba kusoka batani la mapijama anga, lomwe silinathothoke n'komwe.

"Taya, ika singanoyo pansi undiuze. Mwagwirizana zotani ndi Kesha?"

"Palibe, Rodya. Imwa phala lisanazizire."

"Zaka zonsezi ndakhala nawe, lero ukundisewerera ine? Ndi zida zanga zomwe? Ngati andilanda sewero nena, ndine munthu wamkulu, sindifa nazo."

Anadzibaya chala. Anachiika m'kamwa, kenako anati, "Palibe wakulanda sewero. Ndikulumbira pa manda a mayi anga."

Taisiya salumbira pa mayi ake mwachisawawa. Ndiye mwina naye akumunamiza. Kasupuni kanali pafupi koma ndinakumbukira a Trofimych, sindinagogode. Phala ndinamwa masupuni angapo kuti asangalale.

Lachisanu, 30 Novembala

Ndauza a Asya Markovna kuti pa 12 Disembala kuli kuyeserera komaliza, atavala zovala ndi magetsi onse, ndipo ndipita, kaya alola kaya salola, ngakhale chokwawa m'chipale ndi mapijama a eni akewa. Ndinakonzekera nkhondo. Ndinali ndi mawu okonzakonza okhudza ufulu wanga.

Anandiyang'ana, n'kuchotsa magalasi. "Pitani. Ndikubayani jakisoni musananyamuke, mukabwere madzulo."

Ndiye kuti chiyani? Ngati akufuna kundibisira mathero, akundiloleranji kukawaona? Mwina akonza zoti tsikulo asewere mathero anga, pa 14 asewere awo. Zoterezi zinachitikapo kwa anzanga ku Moscow.

Lachitatu, 5 Disembala

Makilo 59. Miyendo yatupa. Ndayesa kuyenda pakhonde kukonzekera Lachitatu likudzalo, ndinafika pa mpando wa namwino n'kukhala pansi. Pabedi la a Trofimych pabwera munthu wosalankhula. Ameneyu ndiye angakhale kazitape weniweni, koma ndilibe mphamvu zomuopera.

Lolemba, 10 Disembala

Taisiya wabweretsa suti yanga yakuda. Waibweza m'chiuno, akuti inali yaikulu kuyambira kale.

Lachinayi, 13 Disembala

Dzulo sindikadatha kulemba. Lero ndilemba zonse, pang'onopang'ono.

Tinapita pa takisi masana. Tinalowera khomo lakumbuyo monga mwa nthawi zonse, Kesha mbali iyi Taisiya mbali inayo, mapazi anga akungokhudza masitepe mwaulemu. Fungo la fumbi, guluu ndi utoto linandilandira, ndipo ndinatsala pang'ono kulira, koma anthu ankandiyang'ana. Mpando wanga wa m'mbali unali pomwepo. Wina anali ataikapo kale tambula ya tiyi. Kasupuni ndinabwera nako m'thumba.

Kutsogolo kunakhala amuna awiri a komiti, zikhoto zili pamaondo. Anandipatsa moni mwaulemu wonyanya, mmodzi mpaka anaimirira. Ndinati mumtima, ehe, zayamba.

Gawo loyamba linayenda. Rimma wasiya kukweza nsidze, chinthu chimene ine ndinalephera kumuletsa zaka zonsezi. Foma analowa msanga kamodzi kokha. Kesha wasuntha ng'anjo kuibweretsa kutsogolo pang'ono, ndipo ndinapsa mtima kufikira nditaona kuti wachita bwino. Kasupuni kanali m'dzanja langa, kokonzeka.

Kenako mathero. Msilikali wanga anakhala pansi pafupi ndi ng'anjo. Ndinadikira kuti aimirire. Ndinadikira mawu aja a timanga zatsopano. Sanaimirire. Anatambasula manja ake ku ng'anjo yozizira ngati muli moto, n'kukhala choncho. Holo yonse inali zii. Mmodzi wa a komiti anatsokomola, mnzake anayang'ana wotchi, msilikali osasuntha. Kesha wakutalikitsa kukhala chete kuja kuposa mmene ine ndikadalimbira mtima. Katani linatsekedwa pang'onopang'ono.

Wamkulu wa awiri aja anabwera kwa ine. Ndinamufunsa mosapita m'mbali ngati Lachisanu liseweredwa chomwechi.

"Chomwechi, a Rodion Savelyevich. Tasaina kale. A Dorofeev anatifotokozera, ndipo tinaona kuti pa nthawi ngati ino..." Anasiyira pomwepo, n'kuyamba kumanga mabatani a chikhoto.

Ndinapambana, koma mtima sunakhazikike. Anthu amenewa sanandipatsepo kanthu kwaulere chibadwire.

Pofuna kunyamuka miyendo inakana. Jakisoni anali atatha mphamvu. Kesha anaitana amuna anayi okoka makatani, anabweretsa mpando waukulu wa m'sewero lina lakale, wa mikono yagolide wabodza, n'kundikhazikapo. Wina anati masitepe akumbuyo ndi opapatiza ndipo aundana, mpandowo sudutsa, komanso takisi yaima kutsogolo. Palibe anaganiza kawiri. Anandinyamula kudutsa m'holo, kudutsa posungira zikhoto, ndipo anthu onse anathamangira kutsogolo kukatsegula zitseko, akadali m'zovala za sewero, utoto uli kumaso. Anaima pamasitepe mbali iyi ndi iyo, chipale chikuwagwera m'tsitsi. Osoka zovala, a magetsi, mayi wogulitsa matikiti, onse.

Zitseko zazikulu zinatseguka, anandidutsitsa, miyendo kutsogolo.

Ndipo wina anayamba kuomba m'manja.

Anali Foma. Sanaganize, ndikudziwa. Manja ake anaona zimene anazolowera kuona, khomo lakutsogolo, amuna anayi atanyamula munthu, anzake ali pamasitepe, n'kuyamba okha. Awiri atatu anamutsatira. Kenako Rimma anakuwa kuti, "Foma Ilyich!" n'kumugwira mikono, ndipo kunagwa chete woposa wa msilikali wanga.

Akadaseka, bwenzi ndisanadziwebe mpaka lero. Munthu amene akuchira ukamuombera m'manja molakwika pamasitepe amenewo, anthu amafa nacho chiseko, amamunena Foma chaka chathunthu. Palibe anaseka. Mayi wa matikiti anadzitseka pakamwa. Foma anayang'ana zikhatho zake ngati si zake. Ndinatembenuka kufuna Taisiya. Anali pambali pa mpando, chikwama anali atapatsira Kesha, m'manja mwake munalibe thaulo, munalibe singano, munalibe chilichonse. Nkhope yokhayokha.

Ndiye zonse zinabwera pamodzi, supu wamasana, nsomba yamchere, mavitamini, ulemu wa a komiti. Miyezi iwiri ndakhala ndikusaka wakuba sewero langa, pomwe anthuwa ankasonkhana m'chipinda chovalira kuyeserera mmene angalowere m'wodi osalira. Ndinachita mantha, mantha enieni. Koma anthu anga anali ataima m'chipale osadziwa chochita, ndipo anthu akasowa chochita pasiteji amayang'ana kwa ine.

"Foma," ndinatero.

"Rodya, ine... manjawa..."

"Walowa msanga. Kuyambira tili kusukulu ndimakuuza, dikira mnzako amalize."

Wina anatulutsa kamawu, kaya kuseka kaya kulira.

"Koma poti wayamba kale, malizani. Tsiku lenilenilo ine sindidzamva, ndipo sindikukhulupirirani kuti mudzachita bwino popanda ine. Kesha, aimike bwino anthuwa, a magetsi abisika kumbuyo. Inu anayi, musathamange, si mpikisano. Tiyeni, kuyambira pakhomo."

Anandibwezadi mpaka pakhomo. Ananditsitsa masitepe pang'onopang'ono, ndipo anaomba. Odutsa mumsewu anaima, ena anavula zipewa, kenako n'kuzivalanso ataona kuti malemuyo akuyang'ana uku ndi uku. Anaomba mpaka chitseko cha takisi chitatsekedwa. Kasupuni kanali m'dzanja langa njira yonse, ndipo sindinamve bodza ngakhale limodzi.

M'takisi Taisiya anandigwira dzanja.

Loweruka, 15 Disembala

Sewero linatsegulidwa dzulo. Kesha wabwera m'mawa, wopanda manachesi. Akuti oonera anakhala chete limodzi ndi msilikali, ndipo katani litatsekedwa panapita kanthawi wina asanayerekeze kuomba. Ndamuuza kuti ng'anjo ija aisiye pomwe anaiika. Ndamupatsa kasupuni. Anakana, ndinamukalipira, analandira.

Taisiya wakhala nane tsiku lonse. Dzina la matendawa wandiuza nditamufunsa, ndi khansa ya kapamba, ndipo anaitsimikiza tsiku lomwe ananditsegula lija. Talira pang'ono, kenako tinakangana za suti, chifukwa waibweza kwambiri m'chiuno.

"A Asya Markovna tiwauze kuti ukudziwa?" anafunsa.

"Ayi, asiye. Gawo lawo analoweza movutikira."

Lolemba, 17 Disembala

Sikelo ndakana. Jakisoni katatu. Lachitatu anditulutsa, akuti mpweya wakunyumba ndi mankhwala.

A Asya Markovna anabwera m'mawa, anakhala m'mphepete mwa bedi, chinthu chimene sanachitepo. Anachotsa magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi ngodya ya gauni.

"Zilonda zija zikupola bwino, a Rodion Savelyevich. Pofika chilimwe mudzakhala mukuvutitsanso azisudzo anu."

"Inenso ndikumva choncho, adokotala," ndinatero. "Mphamvu zikubwerera."

Anapumira m'mwamba, anamwetulira, n'kupita pabedi lotsatira. Taisiya, amene anali pazenera, anandiyang'ana m'manja. Ndinali ndikusalaza bulangeti.

"Wachita bwino," anatero chapansipansi. "Koma bulangetilo wachulutsa."